Kalata yochokera ku Dedza: za chimfine, katundu ndi mazenera otseka

Dedza, mwezi wa Juni

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chimfine chalowa pafupifupi khomo lililonse, monga zimakhalira Juni akafika. Uthenga wanu ndinaulandira, ndipo ndamva nkhawa imene muli nayo pa amayi ku Bembeke, poti ali ndi mphumu pomwe mdzukulu amene amagona nawo nyumba imodzi wayamba kutsokomola. Mwalamula kuti achemwali azipukuta zitseko, mipando ndi foni ndi mankhwala kawiri pa tsiku, ndiponso kuti katundu amene mwatumiza akafika akhale pakhonde sabata yathunthu asanamasulidwe. Cholinga chanu ndi chabwino, koma ndikuona kuti mphamvu zonse mwaziika pa zinthu zimene anthu amagwira, pomwe choopsa chachikulu chili mu mpweya umene anthuwo akupumira limodzi.

Ndiyambe ndi manambala amene akukuopsaniwo, chifukwa si abodza. M'mwezi wa Malichi 2020, akatswiri ofufuza a ku America anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine zotsatira za kafukufuku wawo pa kachilombo koyambitsa Covid-19. Iwo anapeza kuti kachilomboka kamakhalabe ndi mphamvu yodwalitsa mpaka maola 4 pa kopa, mpaka maola 24 pa katoni, ndiponso mpaka maola 72 pa pulasitiki ndi pa chitsulo chosachita dzimbiri. Chaka chomwecho, ofufuza a bungwe la CSIRO ku Australia ananena za masiku 28 pa galasi, pa chitsulo ndi pa ndalama zamapepala, ndipo nambala imeneyi ndi imene inazungulira kwambiri pa WhatsApp mpaka ena anayamba kuopa kulandira chenji.

Chimene ofalitsa mauthengawo sankanena ndi momwe kafukufukuyo anachitikira. Mu labotale amadontheza tizilombo tochuluka kwambiri pamalo amodzi, kenaka n'kumayeza kuti kotsiriza kapezeka liti. A ku Australia aja ankasunga zinthu zawo mumdima, pa kutentha kosasintha kwa madigiri 20, popanda dzuwa kapena mphepo, ndipo atakweza kutenthako kufika pa madigiri 40, pa zinthu zina tizilomboto sitinathe ndi tsiku lomwe. Komanso tizilombo sitikhala ndi mphamvu zofanana mpaka tsiku lomaliza n'kufa tonse nthawi imodzi. Timatha pang'onopang'ono kuyambira ola loyamba. Pa pulasitiki, theka limakhala litatha pakadutsa maola pafupifupi 7, theka la totsalato limatha m'maola ena 7, moti pofika mawa lake nthawi ngati yomweyo totsala sitikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10. Choncho mukamva kuti "masiku atatu", dziwani kuti akunena za tsiku limene zipangizo zawo zinapeza tinyenyeswa totsiriza, osati tsiku limene munthu angadwale mosavuta atagwira chinthucho.

Pa chimfine chimene tili nacho chaka ndi chaka, nthawi yake ndi yofupikirapo. Kafukufuku wa mu 1982 anaonetsa kuti kachilombo ka fuluwenza kamakhala maola 24 mpaka 48 pa chitsulo ndi pulasitiki, koma pa nsalu ndi pa pepala sikapitirira maola 8 mpaka 12, ndipo kakachoka pa chinthu n'kufika pa dzanja kamafooka m'mphindi zisanu zokha. Kachilombo kotchedwa RSV, kamene kamabanikitsa makanda ndi okalamba, kamakhala maola ngati 6 pa tebulo losalala koma sikakwanitsa ola pa nsalu. Muona kuti nthawi zambiri nsalu, pepala ndi katoni zimapha tizilomboti msanga, chifukwa zimamwa chinyezi cha mamina kapena malovu ndipo kachilombo kamauma n'kukanirira mu ulusi. Tsono katundu wanu, amene ndi zovala ndi mabulangeti m'makatoni, akamadzadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete n'kulowa pa chipata cha Dedza, adzakhala atatha masiku mumsewu pa kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi. Amayi amasule tsiku lomwelo, palibe chodikira.

Mu Epulo 2021, bungwe loona za matenda ku America la CDC, litaunika kafukufuku wosiyanasiyana, linanena kuti mpata woti munthu atenge Covid-19 pogwira chinthu chomwe chili ndi kachilomboka sufika kamodzi pa maulendo 10,000. Sindikunena kuti manja alibe mlandu. Njira yake ilipo ndithu, koma ndi yaifupi komanso ya nthawi yomweyo: mwana wamina ndi zala, wapukutira pa chitenje cha agogo ake kapena pa kapu, agogowo agwira pomwepo n'kutikita m'maso. Tizilombo ta chimfine wamba, monga rhinovirus, tilibe kachikuto ka mafuta kamene ta Covid-19, ta fuluwenza ndi ta RSV tili nako, choncho timapirira kwambiri ndipo timayenda bwino pa zala. Apa sopo ndi madzi zimagwira ntchito kuposa mankhwala odula, chifukwa sopo amasungunula kachikuto ka mafutako, ndipo tizilombo topanda kachikuto amatikokolola. Chimene ndingasinthe pakhomo pa amayi ndi beseni limodzi losambamo m'manja nsima isanadyedwe, limene akulu amayamba ndipo mwana amatsiriza m'madzi oderapo kale. Azithirirana madzi ndi jagi, aliyense asambe ake ndi sopo. Kupukuta chogwirira cha chitseko ndi foni kamodzi pa tsiku pomwe m'nyumba muli wodwala n'kokwanira.

Nkhani ya mpweya ndi imene ndikufuna muiganizire mofatsa. Munthu akamatsokomola kapena kuyetsemula amatulutsa timadontho tatikulupo timene timagwa pansi chapafupi, koma ngakhale akungolankhula, kuimba kapena kupuma chabe, amatulutsanso timadontho tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene sitigwa msanga. Timayandama ndi kudzaza chipinda monga umachitira utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, momwe ngakhale wokhala kutali ndi mafuwa amatuluka maso ali psuu. Akatswiri a ku America a kafukufuku wa Malichi 2020 aja anapeza kachilombo ka Covid-19 kadakali ndi mphamvu mu mpweya patatha maola atatu, pomwe anasiyira kuyeza, ngakhale theka linkatha pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kachilombo ka chikuku ndiko koopsa zedi pa njira imeneyi, chifukwa kamatha kutsala mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atatulukamo, ndipo mwa anthu 10 osatetezedwa amene akhala naye pafupi, mpaka 9 amadwala.

Pa 10 Malichi 2020, kwaya ina ya ku Skagit County m'chigawo cha Washington ku America inakumana kuti iphunzire nyimbo. Panali anthu 61, ndipo mmodzi yekha ndiye anali ndi zizindikiro za chimfine. Pakhomo panali mankhwala opaka m'manja, ndipo anthuwo anapewa kupatsana moni wa m'manja. Anaimba maola awiri ndi theka m'chipinda chimodzi. M'masiku otsatira anthu oposa 50 anadwala ndipo awiri anamwalira. Manja awo anali oyera, koma mpweya unali umodzi. Ngakhale zinali choncho, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachedwa kuvomereza poyera kukula kwa njira imeneyi, moti mu Julayi 2020 asayansi 239 anachita kulilembera kalata yolipempha kutero. Kuchedwa kumeneko, m'kuona kwanga, ndi kumene kunatisiyira chizolowezi choika ndowa ya madzi pakhomo la tchalitchi, kwinaku mkatimo mazenera onse ali otseka.

Ndikaganiza za kwaya imeneyo ndimaona siwa ya kwathu kuno. Amayi makumi atatu kapena anayi amadzazana m'nyumba ya zipinda ziwiri usiku wonse, akuimba nyimbo za maliro mosinthana, chitseko chili chotseka chifukwa cha kuzizira, pomwe abambo ali panja pozungulira moto. Amene ali pangozi ndi a m'nyumbamo, ndipo amayi anu sajomba pa maliro. N'chimodzimodzinso mu minibasi ya m'mawa yochokera ku Lizulu kupita ku Lilongwe. Magalasi amachita nthunzi mpaka ana amalembapo ndi chala, ndipo wina akangoyesa kukankha zenera pang'ono, a mpando wakumbuyo amakuwa kuti, "Tsekani, mutipatsa chibayo!" Nthunzi imeneyo ndi mpweya wa m'mapapo mwa anthu omwewo. Chibayo chimayamba ndi tizilombo, osati mphepo ya pazenera, ndipo zenera lotsekalo ndi limene limatisungira tizilomboto.

Mudziwa kuti boma la Dedza lili pamalo okwera mamita oposa 1,500 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi kuno si chamasewera. Kuzizira kumathandiza tizilombo pawiri. Koyamba timakhalitsa: ofufuza a ku Hong Kong anapeza kuti pa madigiri 4 kachilombo ka Covid-19 kanali kadakali ndi mphamvu patatha masiku 14, pomwe pa madigiri 70 kanatha m'mphindi zisanu. Kachiwiri kuzizira kumatilowetsa m'nyumba, timatseka ndi nsanza pansi pa chitseko, n'kuunjikana chipinda chimodzi. Mukumbukira kuti funde lachitatu la Covid-19 m'Malawi muno linakula mu Julayi 2021. Dzuwa limachita zosiyana, chifukwa kuwala kwake kumawononga tizilombo totere m'mphindi zowerengeka, ndipo panja mphepo imamwaza mpweya wa wodwala usanafike kwa mnzake.

Choncho uzani achemwali kuti mwanayo asiye kaye kugona chipinda chimodzi ndi agogo ake mpaka chifuwa chitatha, makamaka masiku oyambirira pamene wodwala amatulutsa tizilombo tambiri. M'mawa uliwonse atsegule mazenera a mbali ziwiri pamodzi ndi chitseko kuti mphepo idutse, ndipo mabulangeti ndi mphasa azitulutsa padzuwa. Obwera kudzazonda akhale nawo pabwalo powothera dzuwa, osati kuchipinda. Usiku asiye kampata pazenera, ndipo mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo. Amayi akamakwera minibasi kapena akamalowa m'siwa avale masiki yokwana bwino pamphuno. Ndikudziwa kuti adzakana za zeneralo ponena kuti akuzizidwa, ndiye ndalama imene mumafuna kugulira mankhwala opukutira ija muwagulire juzi yochindikala ndi chipewa choluka, kuti asakhale ndi chonamizira.

Amayi akayamba kupuma mobanika kuposa masiku onse, kapena mwanayo akamapuma mothamanga nthiti zikulowa mkati, asadikire kuti kuche bwino, apite nawo kuchipatala. Mufunsenso achemwali ayang'ane m'buku la kusikelo la mwanayo ngati analandira katemera wa chikuku kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, chifukwa mliri wa mu 2010 unadwalitsa anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ndipo chikuku chimayamba ngati chimfine wamba zidzolo zisanatuluke. Ngati katemera wachiwiri anaphonya, a zaumoyo angathe kumubaya ngakhale tsopano.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wakale,
wa kuno ku Dedza