Ophunzira bizinesi ayambe ndi kuwerengera, kuloweza kubwere pambuyo

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu. Ndine mphunzitsi wa kayendetsedwe ka bizinesi pa yunivesite, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikulandira ophunzira a chaka choyamba. Mawu angawa akupita kwa aphunzitsi anzanga ndi kwa omwe amakonza silabasi, koma woyamba kumuloza chala ndi ine ndemwe.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi pepala limodzi la mayeso lomwe silichoka m'mutu mwanga. Linali la mtsikana wolimbikira kwambiri, wa aja okhala kutsogolo amene salumpha kalasi ngakhale mvula igwe bwanji. Mfundo 14 za kayendetsedwe ka bizinesi za katswiri Henri Fayol anazilemba zonse mwandondomeko, osaphonya ngakhale imodzi. Masitepe asanu a zosowa za munthu a Abraham Maslow anawajambula bwino lomwe ndi rula. Ndinkachonga ndikumwetulira. Kenaka ndinafika pa funso lomaliza, lomwe ndinangoliwonjezera usiku woti mawa mayeso akasindikizidwe, ndipo ndinapeza tsamba lili mbee. Atalandira malikisi ake anabwera ku ofesi, naima pakhomo ndi kope lake m'manja.

"Aphunzitsi, funso lomalizali silinali m'manotsi."

Ndinatsegula manotsi anga pamaso pake, ndinawasanthula onse, ndipo mwanayo ankanena zoona. Semesita yathunthu ndinamuphunzitsa matanthauzo a mawu, koma sindinamuonetse ngakhale kamodzi momwe ndalama zimalowera ndi kutulukira mu bizinesi.

Funsolo linali lotere, ndipo owerenga aliyese okha. Manambalawa sakuimira ndalama ya dziko lililonse. Munthu wayamba bizinesi ndi mpamba wa 25,000. Waoda katundu 500, aliyense pa 60, ndipo womuodetsa wamupatsa masiku 30 kuti alipire. Katunduyo wamugulitsa yense pa 100 aliyense kwa makasitomala akuluakulu omwe amalipira pakatha masiku 60. Lendi ndi malipiro a antchito zimadya 12,000 pa mwezi. Kodi bizinesiyi ikuyenda bwanji?

Wophunzira aliyense amathamangira ku phindu, ndipo amalipeza msanga. Wagulitsa za 50,000, katundu anamudyera 30,000, lendi ndi malipiro 12,000, phindu 8,000. Mwezi woyamba womwe! Ena amaombera m'manja. Ndiye ndimawafunsa kuti pa tsiku la 30, woodetsa katundu akafika ndi invoisi yake, mwini nyumba akagogoda, antchito akaima pamzere, munthuyu apisa m'thumba liti? Akufunika 42,000. Ali ndi 25,000. Makasitomala ake sanalipire kalikonse, ndipo sanalakwe, masiku awo sanakwane. Buku likunena kuti wapindula, koma akusowa 17,000 lero lomwe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pamenepa kalasi imakhala zii. Nthawi zonse pamapezeka mmodzi wochenjera wonena kuti angogulitsa zambiri basi. Ndimamuuza abwere pabolodi, atenge choko, awerengere katundu 1,000. Phindu la papepala limakwera kufika pa 28,000, mnyamata nkumanyadira. Akafika pa tsiku la 30 uja, akufunika 72,000, ndipo dzenje lakula kuchoka pa 17,000 kufika pa 47,000. Nkhope yake ikasintha pamenepo, ndimadziwa kuti waphunzira chinthu chomwe sadzaiwala: bizinesi itha kufa chifukwa chogulitsa kwambiri. Tsamba lililonse la matanthauzo silingamupatse mantha abwino amenewo.

Wina angaganize kuti izi zimagwera aang'onoang'ono okha. Ayi ndithu. Kampani ya W. T. Grant ya ku America inali ndi masitolo oposa 1,000, ndipo kwa zaka zambiri mabuku ake ankaonetsa phindu. Koma inkakongoza makasitomala mosasamala, katundu ankadzadza m'mashelefu, ndipo ndalama zenizeni zinkatuluka zambiri kuposa zolowa. Mu 1975 inagwa. Amene ankayang'ana phindu lokha anadzidzimuka, koma zizindikiro zinali m'mabuku momwemo kwa aliyense wodziwa kutsata kayendedwe ka ndalama.

Nanga bwanji timayamba ndi mindandanda? Ndinene zoona, ndi chifukwa choti mndandanda ndi wosavuta kuphunzitsa, ndipo ndi wosavuta kuchonga. Ukakhala ndi mapepala mazanamazana patebulo, funso loti "tchulani ntchito zisanu za manijala" limachongeka ukumwa tiyi. Mwana watchula zisanu, malikisi asanu. Aliyense wakhutira, ndipo palibe wodandaula kwa mkulu wa dipatimenti. Ine ndachita zimenezi kwa zaka, sindikubisa.

Sindikunyoza Fayol, a Mkonzi. Munthu ameneyu anali injiniya wa migodi ku France, ndipo anatsogolera kampani yaikulu ya migodi ndi zitsulo kwa zaka 30, kuyambira mu 1888. Pamene ankasindikiza maganizo ake mu 1916 anali ndi zaka 75. Mawu ake oti manijala amakonzeratu za mtsogolo, amasanja ntchito, amalamula, amagwirizanitsa anthu ndi kuyang'anira zotsatira anali madzi otsala m'mphika pambuyo pa moyo wonse wolimbana ndi migodi, mitengo ya malasha ndi antchito zikwizikwi. Ife timatenga zomwe nkhalamba inatsendera kumapeto kwa ntchito yake nkuzipereka sabata yoyamba kwa mwana wa zaka 18 yemwe sanalembepo risiti. Akaloweza popanda kumva kanthu, tidabwe chiyani? Mawu oti kugwirizanitsa anthu amakhala ndi tanthauzo kwa munthu amene waonapo wogulitsa akulonjeza kasitomala katundu yemwe wa kusitoko akudziwa kuti kulibe.

Ndipo ngakhale mndandanda womwewo sunena zonse. Henry Mintzberg wa ku Canada anakhala sabata yathunthu ndi aliyense mwa akuluakulu asanu a mabungwe, kumangoona zomwe amachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zomwe anasindikiza mu 1973 zinaonetsa kuti theka la zochita zawo silinkafika mphindi zisanu ndi zinayi chilichonse. Foni, wina wagogoda, msonkhano wosakonzekera, kalata, foni ina. Manijala wokhala phee kumakonza mapulani tsiku lonse ali m'mabuku mokha. Ophunzira anga ndikawauza zimenezi amaseka, chifukwa amene ali ndi kholo kapena m'bale wa paudindo amazizindikira nthawi yomweyo.

Pempho langa ndi loti masabata oyambirira a chaka choyamba tiwapereke ku kuwerengera. Sindikunena masamu ozama. Ndikunena kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, pa bizinesi imodzi yaing'ono yomwe kalasi yonse ikuidziwa ngati chikhatho chake. Pa bizinesi ya munthu wathu uja, katundu aliyense amasiya 40 akachotsa mtengo woodera. Kuti lendi ndi malipiro zikwane, ayenera kugulitsa 300 pa mwezi, ndipo phindu limayambira pa katundu wa nambala 301. Tsopano kasitomala wamkulu akupempha kuti amutsitsireko pang'ono, kuchoka pa 100 kufika pa 90. Ndikafunsa kalasi, ambiri amati avomere, 10 pa 100 ndi kangachepe. Akawerengera amapeza kuti katundu aliyense tsopano akusiya 30, kuti afunika kugulitsa 400 asanaone phindu, ndipo kuti 8,000 uja watsika kufika pa 3,000. Kutsitsa mtengo kwa gawo limodzi mwa magawo khumi kwameza phindu loposa theka. Mwana amene wawerengera zimenezi ndi dzanja lake, mukadzamuphunzitsa za kakhazikitsidwe ka mitengo chaka chachiwiri, ali ndi poti apachike zomwe mukunena.

Kalembedwe ka mabuku a ndalama nakonso timakapha tokha. Timauza ana kuti izi zimapita kumanzere, izo kumanja, alowezeni basi. Njira yolemba chilichonse kawiri si mwambo wa akawuntanti wongovutitsa anthu. Luca Pacioli, wansembe komanso katswiri wa masamu, anaifotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo sanaiyambitse ndi iye, ankangolemba zomwe amalonda a mumzindawo ankachita kale. Anthu amenewo ankatumiza katundu pa nyanja ndi ndalama za ena, ndipo ankafuna kudziwa zinthu ziwiri pa ndalama iliyonse: yachokera kuti, yapita kuti. Ndikayamba ndi mafunso awiriwo, kumanzere ndi kumanja kumabwera kokha.

Anzanga ena amanditsutsa, ndipo mfundo zawo si zachabe. Amati yunivesite si malo ophunzitsira kusunga sitolo, mwana ayenera kudziwa maganizo a akatswiri. Ndikuvomereza. Chomwe tikusiyana ndi choti chiyambe nchiyani. Amatinso makalasi ndi aakulu, ndipo ana ambiri amabwera akuopa manambala. Zimenezo nzoona, ndipo ndi chifukwa chomwecho tiyenera kuwagwira akadali chaka choyamba. M'mera mpoyamba. Mwana woopa manambala amene tamulola kudutsa ndi kuloweza adzafika chaka chachinayi akuwaopabe, kusiyana kwake nkwakuti tsopano wavala gauni. Za kukula kwa kalasi, ine ndimawagawa anayianayi pomwe akhalapo, ndipo phokoso lomwe limatuluka ndi labwino kuposa bata la anthu okopera manotsi.

Palinso ena amene amapitirira mbali inayo. Anamva kuti sukulu ya bizinesi ya Harvard, yomwe inatsegulidwa mu 1908, inatengera ku sukulu ya malamulo njira yophunzitsa pokambirana nkhani zenizeni, ndiye nawo amabweretsa masamba makumi awiri onena za kampani ya padziko lonse kuti ana a chaka choyamba aiweruze. Amaiwala kuti njirayo imagwira bwino kwa anthu amene ali kale ndi digiri, ambiri a iwo atagwirapo ntchito. Mwana wongochoka ku sekondale mukamufunsa chomwe Kodak ikanachita, kampani ya makamera ndi mafilimu a zithunzi yomwe injiniya wake anapanga kamera ya digito mu 1975 koma nkudzagwa mu 2012, ayankha molimba mtima kuti ikanasintha msanga. Ndani sakanayankha choncho? Kuweruza chimphona chakugwa nkokoma, ndipo kumaphunzitsa mwana kulankhula ngati wodziwa. Mufunseni kuti munthu wathu uja apeze kuti 17,000 pofika Lachisanu. Akongole ku banki, chiwongoladzanja chake chidya zingati pa 8,000? Apemphe woodetsa amuwonjezere masiku, apereka chifukwa chanji? Achedwetse malipiro a antchito?

Funso lomalizali ndi lomwe limandisangalatsa, chifukwa pamenepo kalasi imagawanika. Ena amati antchito adikire, si bwana akuwathawa. Ena amakwiya zenizeni, makamaka amene anaonapo kholo likubwera kunyumba pa mapeto a mwezi chimanjamanja. Ndimawasiya akangane. Phunziro la kayang'aniridwe ka antchito ndi la chilungamo pa bizinesi layamba pamenepo popanda ine kulemba mutu wake pabolodi. Kenaka wina amanong'ona kuti bwanji popita ku banki angokongoletsako manambala pang'ono. Ndimamuthokoza chifukwa chonena poyera zomwe ambiri amaganiza mumtima, ndipo ndimawauza za kampani ya Enron ya ku America, yomwe inagwa mu 2001 itabisa ngongole zake, nkugwetsanso Arthur Andersen, imodzi mwa makampani asanu akuluakulu oyendera mabuku a ndalama pa nthawiyo.

Koma zonsezi sizipita patali ngati mayeso sasintha. Ophunzira si opusa. Amafufuza mapepala a zaka zam'mbuyo, ndipo akaona kuti malikisi ali pa "tchulani" ndi "fotokozani tanthauzo", aloweza basi, ngakhale mphunzitsi atalalikira bwanji za kuganiza. Masiku ano tanthauzo la mawu aliwonse lili pa foni ya mwana m'kamphindi. Ndikupempha akuluakulu a madipatimenti ndi oyesa mayeso ochokera kunja kuti theka la malikisi a chaka choyamba likhale pa mafunso omwe mwana sanawaonepo, okhala ndi manambala ndi chisankho choti apange, ndipo alole kuti mayankho awiri osiyana onse akhoze ngati ali ndi zifukwa zomveka. Kuchonga kwake nkowawa, ndikudziwa, ndachezerapo usiku.

Mtsikana uja ndinamupepesa, ndipo tinakhala pansi tsiku lomwelo nkuliwerengera funsolo limodzi kuseri kwa pepala lake la mayeso. Sizinatenge mphindi makumi awiri. Atafika pa 17,000 anaika cholembera pansi, nandiyang'ana, nafunsa kuti nanga bwanji zimenezi sitinayambire zomwezo. Semesita yotsatira ndinasuntha Fayol kupita sabata yachisanu ndi chiwiri, ndipo funsolo ndi lomwe ophunzira atsopano amalipeza pabolodi akamalowa tsiku loyamba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ophunzira a chaka choyamba