Kalata yochokera ku Germiston: za makina a magemu amene ndikutumiza

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino, ndiponso kuti amayi akudzuka ndi mphamvu. Ine kuno ku Joni ndili bwino. Ndalemba kalata ino kuti ndifotokoze mwatsatanetsatane za katundu amene ndinakutchulirani pa foni uja, ndipo ndikupempha kuti muisunge, chifukwa mudzaifuna katunduyo akadzafika.

Ndagula makina a magemu, aja okhala m'kabati yamatabwa yofika m'mutu mwa munthu wamkulu, imene ana amaponyamo kobidi n'kumasewera ataimirira awiriawiri. Anali m'kashopu kena ku Turffontein, ndipo mwini wake anawakankhira kuseri kwa makatoni atasiya kuyaka, kotero anandigulitsa pa mtengo wotsika. Makinawa ndi a mtundu wa Neo Geo, umene kampani ya SNK ya ku Japan inatulutsa m'chaka cha 1990. Ubwino wake ndi wakuti gemu imakhala m'katiriji yochotseka, choncho ana akatopa nayo simugula makina ena, mumangozula katirijiyo n'kulowetsa ina. Ndapeza makatiriji awiri: The King of Fighters '98, ya anthu omenyana, ndi Metal Slug ya 1996, ya asilikali.

Kuwasamutsa kunavuta chifukwa amalemera kupitirira makilogalamu 100, ndipo kulemera kwambiri kuli m'mwamba, mmene muli sikirini yagalasi ya mtundu wa ma TV akale otupa kumbuyo aja. Tisananyamule ndinachotsa bolodi (kathabwa ka tizipangizo tamagetsi kamene kamayendetsa gemu), makatiriji ndi bokosi la makobidi, kenaka anyamata akwathu amene ndimakhala nawo anandithandiza kukweza kabatiyo pa pikapu, titaikuta ndi mabulangete n'kuimanga ndi zingwe.

Ntchito yokonza ndi imene yandidyera nthawi, koma ndi imenenso yandipatsa chimwemwe chachikulu. Nditatsegula chitseko chakumbuyo ndinapeza fumbi, mphemvu zakufa ndi mawaya odyedwa ndi makoswe. Chimene chinapha makinawa chinali kabatire kakang'ono ka pa bolodi, kamene kamasunga tsiku ndi mawerengero magetsi akazima. Kakakalamba kamachucha madzi amene amadya tinjira tamkuwa ta pa bolodiyo. Ndinakachotsa, ndinatsuka malowo, ndipo tinjira todukato ndinatilumikiza ndi tiwaya tating'ono, kamodzikamodzi, ndikuyeza ndi mita ya magetsi. Ndinasinthanso pawa sapulayi, kabokosi kopereka magetsi ku bolodi, chifukwa bolodi imafuna mavoti 5 okhazikika, ndipo akapitirira amapsereza tizipangizo timene sitipezekanso m'mashopu. Mawaya onse a m'kabati amakumana pa cholumikizira chimodzi cha mano 56 chotchedwa JAMMA, ndipo mano akewo ndinawapukuta mpaka anawala.

Sikirini inkaonetsa zithunzi zofooka ndi zopindika m'mbali, zimene zimachitika makapasita, tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi, akauma ndi ukalamba. Anzanga ena anandilangiza kuti ndiitaye ndiikemo yopyapyala ya masiku ano, koma ine ndinakana, chifukwa magemu amenewa anapangidwira galasi lakale lomweli, ndipo pa sikirini yatsopano zithunzi zimaoneka zokhakhala, komanso pamafunika kachipangizo kena kosinthira. Ndinaipereka kwa mkulu wina wokonza ma TV amene anaika makapasita atsopano, ndipo mitundu yabwerera yowala bwino. Thabwa la pansi linali litafufuma ndi madzi, ndiye ndinalidula n'kuikapo pulayiwudi ndi timiyendo tokweza. Mabatani, amene ndi anayi kwa wosewera aliyense, ndaika atsopano pamodzi ndi tindodo toyendetsera, ndipo kabati yonse ndaipala ndi sandipepa n'kuipaka penti yofiira.

Tsono pali zinthu zimene ndikupempha kuti muzigwire ndi mtima wonse. Chachikulu ndi chakuti munthu aliyense asalowetse dzanja kumbuyo kwa sikirini. Galasi lija limagwira ntchito ndi mavoti opitirira 20,000, ndipo mphamvuyo imatha kutsalira m'menemo ngakhale mutazimitsa n'kuzula pulagi. Chitseko chakumbuyo ndachiika loko, ndipo kiyi wake azikhala ndi inu nokha. China chikavuta, mundiimbire kaye, ndipo ngati pafunika wokonza, akhale wodziwa ma TV akale, osati wa mafoni. Magetsi akuno ndi akwathu ndi ofanana, mavoti 230, koma pulagi ndi yosiyana, choncho ndaika kale ya mano atatu amakona anayi imene imalowa m'masoketi akwathu. Mugule fridge guard, chifukwa magetsi akamabwerera atazima amabwera mwamphamvu.

Za malipiro ndaziganizira motere. Makobidi athu, ngakhale la K10 limene, alibenso mphamvu yogulira kanthu, ndiye ndasintha poponyera paja kuti pazilandira matokeni achitsulo, amene ndikutumiza m'kathumba. Mwana azipereka ndalama kwa alamu pa kauntala, iwo n'kumupatsa tokeni, ndipo madzulo muzitsegula bokosi n'kuwabweza. Makinawa amasunga okha chiwerengero cha matokeni amene alowa, kotero sipadzakhala kukayikirana pa ndalama. Mtengo muuike nokha, poti ndinu mukudziwa mmene matumba a anthu alili pa Lunzu.

Ndikudziwa kuti ena adzanena kuti tabweretsa juga pa golosale. Muwafotokozere akuluakulu a mpingo ndi makolo kuti makinawa satulutsa ndalama ngakhale tambala imodzi, ndipo wopambana amangopitiriza kusewera basi. Komabe nkhawa yawo pa ana ndi yomveka, ndipo inenso ndili nayo. Chonde asayatsidwe nthawi ya sukulu, ndipo mwana wovala yunifolomu asapatsidwe tokeni. Ndalama yobwera chifukwa mwana wajomba m'kalasi sindikuifuna, ndipo lamuloli likhudzenso ana a m'banja mwathu momwe.

Katunduyu abwera ndi transipota wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowa pa chipata cha Mwanza. Ndalama ya msonkho ndimupatsiratu pamodzi ndi risiti yogulira. Bolodi ndi makatiriji ndazikulunga m'katoni yapayokha, ndipo ndidzakutsogolerani pa foni polumikiza. Potsitsa mukhale amuna amphamvu okwanira, ndipo kabatiyo musaikoke pa simenti kapena kuigwetsa mwadzidzidzi, chifukwa khosi la galasi kumbuyo kuja ndi lopyapyala, likasweka sililumikizika.

Musanandiyankhe, muyeze m'lifupi ndi kutalika kwa chitseko cha golosale, muonenso ngati denga la pakona ya kumanzere lija lasiya kudontha, chifukwa m'pamene pali soketi ndipo m'pamene ndikufuna kuti makinawa akakhale. Mukanditumizira miyezoyo ndipangana tsiku ndi transipota.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ine mng'ono wanu,
wa ku Germiston