Kusamala kokha sikukwanira

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za mawu amene tazolowera kumva m'misonkhano, akuti tisamale chilengedwe chisawonongekenso. Nanga chimene chinawonongeka kale? Nthaka yoguga ukangoisiya momwemo imakhalabe yoguga, mlimi wakenso amakhalabe wosauka.

Ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi analeka kuzula zitsa m'minda. Chitsa chikaphukira, amasankha mphukira zingapo zamphamvu n'kudulira zotsalazo, ndipo mizu yakale ija imakulitsa mtengo msanga kuposa mbande ya ku nazale. Mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Masamba oyoyoka anabwezeretsa chonde, nkhuni zinayandikira pakhomo, mabanja n'kumagulitsa nthambi zimene adulira. Chinathandiza kwambiri n'chakuti boma linalola mtengo wam'munda kukhala wa mlimi. Kupanda apo, ndani akanalera mtengo woti akaudula alipitsidwa chindapusa?

Bungwe la United Nations linapatula 2021 mpaka 2030 kukhala zaka zobwezeretsa chilengedwe. Ndikupempha opereka ndalama aleke kuwerenga mbande zodzalidwa pamaso pa atolankhani, aziwerenga mitengo imene ikadali moyo patatha zaka 5.

Ine,
Wowerenga wanu