Achinyamata asamale pokulitsa mabowo a m'makutu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mchitidwe umene ndikuuona pakati pa achinyamata kuno ku Mulanje, wokulitsa okha mabowo a ndolo kunyumba. Kudzikongoletsa kotere si kwachilendo, chifukwa amayi achimang'anja amene David Livingstone anawapeza m'chigwa cha Shire ankakulitsa bowo la mlomo wam'mwamba n'kuvalamo chokongoletsera chozungulira chotchedwa pelele. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi changu komanso zipangizo zimene ana athu akugwiritsa ntchito.

Pa msika wa Chitakale ndinaona mnyamata atalowetsa kachidutswa ka nsungwi m'khutu lotupa, mafinya akutuluka m'mbali. Mtengo ndi nsungwi zimamwa madzi ndipo zimasunga tizilombo, choncho siziyenera kulowa pachilonda. Khutu limafuna kuti bowo loyamba lipole kwa miyezi ingapo, kenako likulitsidwe pang'onopang'ono, osapitirira milimita imodzi nthawi imodzi, ndi ndolo zoyera zagalasi kapena zachitsulo chosachita dzimbiri, kenaka n'kudikiranso milungu yambiri. Munthu akakakamiza, mnofu umang'ambika, ndipo ife a khungu lakuda timachita msanga zipsera zotupa zimene zimakula ndipo zimavuta kuchiza. Kubwerekana singano kumafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi.

Achinyamata adziwenso kuti bowo likakula kwambiri silitsekekanso lokha, limafuna kusokedwa ndi dokotala. Amene khutu likumutentha, likutuluka mafinya kapena wayamba kutentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti liphwe lokha.

Kholo lokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje