Mawu ataliatali a kemisitiri asatithawitsire ana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi aphunzitsi anzanga a sayansi makamaka ife a m'ma CDSS kuno ku Mangochi. Ana ambiri akumathawa kemisitiri akafika Fomu 3, nzeru ali nazo koma mawu akewo amaopsa, ndiye ife timangolemba pa bolodi nkuti lowezani basi, kuiwala kuti ambiri mwa anawa kunyumba amayankhula Chiyao, Chingerezi kwa iwo nchachitatu.

Tengani DDT, mankhwala aja amene Paul Müller anapeza mu 1939 kuti amapha tizilombo ngati udzudzu. Dzina lake lonse ndi dichlorodiphenyltrichloroethane, zilembo 31, mwana akaliona amangoti kakasi. Komatu nsima sitimeza mtanda wonse, timatema mbamu. Liduleni chonchi: di-chlo-ro-di-phen-yl-tri-chlo-ro-eth-ane, maphatikizo 11 okha, ana aziomba m'manja pa phatikizo lililonse mpaka lilime litazolowera.

Pamene pamavuta kwambiri ndi apa. Mwana wathu akaona ch amatchula ngati pa chambo, ph ngati pa phala, th ngati pa thobwa, ndipo sakulakwa chifukwa ndi mmene tinamuphunzitsira ku pulayimale. Koma m'dzinali ch akumveka k, ph akumveka f, th ndi uja woika lilime pakati pa mano, di ndi dai, tri ndi trai. Kuonjezera apo Chichewa sichiyika k ndi l pamodzi ndiye chloro amasanduka kololo, zimenezi zimafuna kuti wina amuuze mwanayo poyera, payekha sangalote.

Ndipo akadula bwino tanthauzo limabwera lokha. Di ndi ziwiri, tri ndi zitatu, chloro ndi chlorine yemweyu tinkathira m'madzi nthawi ya kolera ija, ndiye ma chlorine awiri kuphatikiza atatu ndi asanu, onani fomula yake C14H9Cl5. Ma phenyl, timagulu ta maatomu a carbon ndi hydrogen, alipo awiri, ethane nayo ana ali nayo kale mu notsi za gulu la mankhwala lotchedwa ma alkane pamodzi ndi methane, propane ndi butane.

Ndikupempha a Unduna wa Maphunziro kuti mabuku a sayansi azikhala ndi tsamba losonyeza kadulidwe ndi katchulidwe ka mawu oterewa. Ifenso aphunzitsi tizipatula mphindi zisanu zokha poyamba topiki yatsopano, ana awatchule mokweza tisanayambe kuwalembetsa notsi, MSCE isanawapeze akuopabe kukweza dzanja.

Mphunzitsi wa sayansi,
Mangochi