Wodwala lupus aonane ndi dokotala asanasiye kulera

Akonzi,

Tipatseniko malo tinenepo za amayi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chimaukira thupi lawo lomwe, monga odwala lupus ndi nyamakazi yotupitsa mfundo ya rheumatoid arthritis. Mayi wotere akayamba sikelo mimba ili ndi miyezi inayi wachedwa kale, chifukwa ziwalo za mwana zimaumbika m'masabata 10 oyambirira.

Wa lupus adikire matenda akhale phee kwa miyezi 6 asanatenge pathupi, makamaka ngati anakhudza impso. Ayezetse BP ndi mkodzo kuona ngati ukutaya puloteni. Podikira apitirize kulera. Njira ya lupu yoika m'chiberekero ndiyo yabwino, pakuti mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen amaonjezera kuundana kwa magazi.

Nkhani yaikulu ili pa mankhwala. Methotrexate, mankhwala a nyamakazi ndi lupus, amachititsa padera ndiponso amalemaza mwana, choncho asiyidwe miyezi 3 mimba isanayambe, mayi n'kumamwa folic acid wa 5 mg tsiku lililonse. Mycophenolate, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, asiyidwe kutatsala masabata 6 kuti atenge pathupi, ndipo dokotala amaikapo azathioprine m'malo mwake. Womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asinthidwire ku jakisoni wa heparin mimba isanapitirire masabata 6.

Koma ena akangoona kuti adumpha mwezi amataya mankhwala onse, atauzidwa ndi apongozi kuti mapiritsi apha mwana. Apa ndiye polakwika kwambiri. Hydroxychloroquine, mankhwala a lupus, saononga mwana, ndipo akasiyidwa matenda amabuka mimba ili mkati. Prednisolone womwedwa nthawi yaitali akadulidwa mwadzidzidzi, BP imatsika mpaka munthu kukomoka. Oyenera kuopedwa ndi diclofenac ndi ibuprofen ogula pagolosale: mimba ikapitirira masabata 20 amavulaza impso za mwana, madzi a m'chiberekero n'kuchepa. Mfundo zikamapweteka amwe panado. Anamwino a kusikelo auzidwenso za matendawa asanapereke Fansidar, poti mankhwala a sulfa ngati amenewa amatha kudzutsa lupus.

Mayi amene wapita padera katatu motsatizana, kapena mwana anafera m'mimba popanda chifukwa chodziwika, tisathamangire kunena kuti analodzedwa. Pali vuto la antiphospholipid limene limaundanitsa magazi m'nsengwa, mwana n'kusowa chakudya. Likapezeka, aspirin wochepa wa 75 mg ndi heparin zimapulumutsa mimba zambiri. Apemphe pachipatala cha boma pano pa Kasungu kalata yokaonana ndi madokotala akuluakulu ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo bambo apite nawo kuti akamve okha chifukwa chodikirira.

Ogwira ntchito zachipatala,
Kasungu