Musawatseke pakamwa ofunsa za kutentha kwa dziko

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinene poyamba kuti ine sindikayika kuti dziko likutentha, ndiponso kuti utsi wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi ndiwo gwero lalikulu la vutoli. Chandilembetsa kalatayi ndi khalidwe lotseka pakamwa munthu aliyense amene wafunsa funso losakomera akuluakulu pa nkhaniyi, ngati kuti kufunsa ndi mlandu.

Nkhani ya mapiri a Himalaya imandikhudza kwambiri. M'lipoti lake la 2007, bungwe la IPCC, lomwe limaunika kafukufuku wa zanyengo pansi pa United Nations, linalemba kuti madzi oundana a m'mapiriwa akhoza kutheratu pofika 2035. Chakumapeto kwa 2009 boma la India linatulutsa lipoti losagwirizana ndi mfundoyi, koma wapampando wa bungweli, a Rajendra Pachauri, m'malo moyankha ndi umboni, anangolinyoza poliyerekeza ndi zamatsenga. Mu Januwale 2010 bungwelo linavomera kuti chaka cha 2035 chinalibe maziko, pakuti sichinachokere m'kafukufuku wotsimikizidwa ndi akatswiri ena. Madzi oundanawo akusungunukadi, koma chifukwa chakuti wotsutsa ananyozedwa asanamvedwe, cholakwa cha ndime imodzi chinapatsa mphamvu anthu ofuna kuti lipoti lonse litayidwe, pamodzi ndi zoona zambiri zimene zinalimo.

Nawo asayansi ochenjeza za kutenthaku anatsekedwapo pakamwa. Mu 2006 a James Hansen a ku NASA, bungwe la boma la America lofufuza za mlengalenga, omwe anachenjeza nyumba ya malamulo ya ku America mu 1988, anadandaula poyera kuti akuluakulu a boma la a George W. Bush ankafuna kumayamba aona zimene iwo akufuna kuuza atolankhani. Kwa ine mchitidwewu ndi woipa chimodzimodzi, kaya wotsekedwa pakamwayo ali mbali iti.

Kunena zoona, wokayika akapatsidwa mpata amatha kuthandiza. A Richard Muller a ku yunivesite ya California ku Berkeley ankakayikira momwe anzawo ankawerengera kutentha kwa dziko, choncho anayambitsa ntchito ya Berkeley Earth n'kuwerengeranso okha, mwa zina ndi thandizo la ndalama lochokera ku thumba la a Charles Koch, omwe chuma chawo chimadalira kwambiri mafuta. Mu 2012 iwo analengeza kuti dziko likutenthadi ndipo ochititsa ndi anthu. Umboni wa munthu amene anayamba ndi kukayika umalowa m'makutu mwa okayika anzake kuposa chidzudzulo chilichonse.

Kuno kwathu, kumene namondwe wa Freddy anapha anthu ochuluka m'chigawo chakummwera mu 2023, tikufunika kuti mlimi ndi mwana wa sukulu azikhulupirira zimene akatswiri a zanyengo akunena, ndipo sangakhulupirire ngati akuona kuti wofunsa amangokalipiridwa. N'chifukwa chake ndikupempha nyuzipepala yanu kuti, owerenga akatumiza mafunso okayikira za kusintha kwa nyengo, muziwasindikiza ndi kupempha akatswiri a nthambi yoona zanyengo kapena a m'mayunivesite athu kuti awayankhe patsamba lomwelo.

Wowerenga wanu,
Zomba